Nsungwi Yoyezera Madzi

Ndinayamba kugwira cholembera ndevu zitamera kale, ndipo mpaka lero dzanja langa limachigwira ngati tchizulo. Wowerenga andipirire. Ndikufuna kulemba za sitima ya matabwa imene ndinapanga ndili ku Kabwata, mu Lusaka, m'zaka za Chitaganya, ndi za achimwene anga amene ndinkawapangira sitimayo.

Nyumba za ku Kabwata masiku amenewo zinali zozungulira, zofolera udzu, za chipinda chimodzi, zondandalikana ngati nkhokwe. Ine ndinkakhala ndekha m'yanga. Mkazi wanga anamwalira kumudzi ndisanapeze chilolezo chomubweretsera m'tauni, ndipo mwana sitinakhale naye. Ndinkagwira ntchito ya ukalipentala pa shopu ina ya matabwa kuseri kwa msewu wa Cairo. Kawirikawiri ankandituma ku nyumba za azungu ku Woodlands ndi ku Kabulonga kukapachika zitseko ndi mashelefu. Ndinkapita pa njinga, chitupa m'thumba, bokosi la zida kumbuyo. Pobwera panalibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji.

Kwathu ndi kuchigwa cha Shire, kumunsi kwa Chiromo. Ndili mnyamata, mumtsinjemo munkayenda masitima oyendera moto wa nkhuni, a gudumu lalikulu kumbuyo lopalasa madzi, atakoleka m'mbali mabwato achitsulo odzaza mabelo a thonje. Achimwene, oyamba kubadwa m'mimba mwa mayi athu, ankagwira ntchito pa imodzi ya masitimawo. Malo awo anali kutsogolo kwenikweni, atagwira nsungwi yaitali. Shire amasuntha mchenga. Pamene panali pakuya chaka chatha, chaka chino pamawoloka ng'ombe. Choncho munthu wa nsungwi ankaibaya m'madzi n'kufuula kuya kwake, kaputeni ali pamwamba akumva. Nsungwiyo inkapakidwa penti, fiti yoyera, fiti yakuda, fiti yoyera, ndipo pa mafiti anayi panali mzere wofiira. Madzi akafika pofiirapo, sitima inkadutsa. Akapanda kufika, ankaimitsa.

Achimwene ndiwo anandipezera ntchito yosenza nkhuni pa sitimapo. Chilimwe china tili padoko, nsungwi yakale inang'aluka. Iwo anadula yatsopano, nandipatsa zitini za penti ndi kathabwa koyezera, kotalika fiti imodzi ndendende, kamene ankakasunga ngati mankhwala. Atatero anapita kumudzi kukaona mtsikana amene ankafuna kukwatira. Ine ndinasiya kathabwako pa mulu wa nkhuni n'kupita kukasamba. Pobwera ndinapeza wosonkhezera moto atakaponya m'ng'anjo pamodzi ndi nkhuni zina. Kalaliki wa padoko anali ndi rula, koma manambala sindinkawadziwa, ndipo kupempha kukanandiulula. Ndinasema kathabwa kena poyerekeza ndi maso. Kanafupika. Ndinapenta nsungwi yonse ndi muyeso waufupiwo, mizere yowongoka bwino, moti anzanga ananditama.

Achimwene anafika m'mawa chothamanga, zingwe zikumasulidwa. Dzuwa lili pamutu tinafika pamalo osaya. Mkono wawo unamva kuti nsungwi yagunda pansi msanga, ndipo anafuula kuti madzi achepa, aimitse. Kaputeni anasuzumira ali pamwamba, naona madzi ali pofiira. Anakhulupirira penti, osati mawu a munthu wakuda. Sitima inakwera mchenga, chitsulo chapansi chinang'ambika pa chitsa chobisika, thonje linanyowa.

Kaputeni anagoneka nsungwi ija pansi n'kuiyeza ndi rula tonse tikuona. Mzere wofiira unali utatsika kupitirira chikhatho. Anafunsa kuti wapenta ndani. Achimwene anati, "Ndine." Ine ndinali pomwepo, ndikuyang'ana zala zanga za kumapazi. Anawakwapula, anawachotsa ntchito, nawalembera mawu oipa pa chikalata chawo, moti panalibenso sitima inawalandira. Akwawo a mtsikana uja anabweza mawu. Posakhalitsa achimwene anachoka kumudzi. Koma chimene chimandilasa kwambiri n'chakuti kaputeni anafuna munthu wina wa nsungwi, naona kuti ine maso anga ndi akuthwa. Ndinavomera. Ndinaima pamalo pawo zaka zisanu.

Ndinabwera ku Lusaka patapita zaka zambiri, nditamva kuti ali kuno. Ndinawapeza kunja kwa tauni, kumene ankaphwanya miyala ndi kuwotcha laimu. Fumbi la laimu linali litawadya maso. Ankangosiyanitsa usana ndi mdima. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, mayi ake atamwalira. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse ndinkapalasa njinga kupita kumeneko ndi shuga ndi fodya. Tinkakhala pakhonde n'kumakamba za mvula, za amene amwalira kumudzi, za mafupa owawa. Za mtsinje sitinkazitchula. Ulendo uliwonse ndinkanyamuka ku Kabwata mawu ali okonzeka pakamwa, ndipo ulendo uliwonse ndinkabwera nawo.

Masiku omwewo ndinalowa sukulu ya akuluakulu imene inkachitika ku holo tikaweruka. Anzanga ankafuna kulemba makalata. Ine ndinkafuna timizere ta pa rula. Ukalipentala wanga wonse unali woyezera timitengo ndi chala chachikulu. Mphunzitsi, msinkhu woti n'kukhala mwana wanga, anaseka atamva. "Madala, kalipentala wosawerenga rula? Ndiye zitseko zanu zimatsekeka bwanji?" Ndinati zimatsekeka. Tsiku limene ndinamvetsa kuti fiti ili ndi mainchi khumi ndi awiri, sindinadye. Kanthu kakang'ono chotero, mwana wa sitandade wanu amakadziwa.

Tsiku lina ndikupachika chitseko ku Kabulonga, ndinaona sitima m'bokosi lagalasi pamwamba pa kabati. Inali ya panyanja yaikulu, ya matanga, yotalika ngati mkono wanga. Ndinaima hamala ili m'manja. Khukhi wa panyumbapo, Mbemba wansangala, anandipeza ndili choncho.

"Shani, ba kalipentala, mwaona chipuku?"

Chipuku ndiye mzukwa. Ndinamufunsa kumene amagula zotere. Anati bwana wake anapanga yekha, ndipo chinsinsi chake n'chimodzi: chilichonse amachichepetsa ndi muyeso umodzimodzi, chitseko, chingwe, ngakhale ndowa. Ukaphonya pamodzi, zonse zanama.

Pobwerera ndinapalasa njinga osaona msewu. Ndinali nditadziwa chochita. Achimwene sakanaiona sitimayo, koma zala anali nazo.

Ndinasankha theka la inchi kuimira fiti imodzi. Kutalika kwa sitima yathu ndinkakudziwa ndi miyendo, pakuti ndinayendamo ndi nkhuni pamutu kosawerengeka. Thupi lake ndinasema ndi zidutswa za mlombwa, umene kuno amati mukwa, zotsala ku shopu. Pansi poyenda anthu ndinayala timatabwa ta bokosi la tiyi, todula mopingasa ngati chala cha mwana. Chumuni inachokera ku pampu yakale ya njinga. Zotchingira m'mbali ndinapinda ndi masipoko. Guluu ndinkagula mumsewu wa Cairo, pawindo la m'mbali pamene ife tinkagulira, pakuti pakhomo lalikulu sitinkaloledwa. Gudumu lakumbuyo ndilo linandizunza. Linathyoka katatu, ndipo kachitatuko ndinaliponya kukhoma n'kukhala milungu iwiri osaliyang'ana.

Ndinkagwira ntchitoyi Loweruka masana ndi Lamulungu, nditakhala pakhomo pamene kuwala kunkalowa. Anthu ankadutsa kupita ku mpira, ku mowa, ku misonkhano yokana Chitaganya. Ine ndinkang'amba timitengo ta tsache ndi lezala kupanga milu ya nkhuni. Nthawi zina tsiku lonse linkatha osatulutsa mawu, mpaka ndikafuna kutsokomola ndinkadabwa ndi liwu langa lomwe.

Munthu yekhayo amene ankaima anali telala wa nyumba yoyandikana nayo, Myao wakwathu ku Nyasalande, wosaphonya swala ku mzikiti. Ndiye ankandipatsa ulusi wa zingwe ndi mapini okhala ngati misomali.

"A kalipentala, Lusaka ilibe ndi mtsinje womwe. Mukaiyendetsa m'ngalande?"

"Ikuyembekeza mvula."

"Anzanu akufuna dziko, inu mukufuna chidole. Kwatirani, bambo. Mkazi angakuchotsereni zimenezi sabata imodzi."

"N'chifukwa chake sindikwatira."

Ankaseka n'kubwerera ku makina ake. Sanandifunsepo kuti ndi ya yani, ndipo ndimamuthokoza mpaka lero.

Mvula ili pakati, mwana wa achimwene anandikokera pambali. Anati eni ake a laimu akufuna nyumba, pakuti nyumba ndi za ogwira ntchito, ndipo bambo ake sagwiranso. Mvula ikangotha akwera lole yodzera ku Fort Jameson kubwerera kumudzi. Ndinadziwa kuti akapita sindidzawaonanso. Chifuwa chawo chinkalira ngati sowo yobuntha.

Ndinafulumira. Ndinamaliza kanyumba ka kaputeni, belu la chipewa cha bawuti, makwerero, mabwato awiri a m'mbali ndi mabelo a thonje lenileni lokulunga m'nsanza za telala. Chinatsala ndi nsungwi. Ndinabenthula kachidutswa ka nsungwi yeniyeni, mainchi asanu ndi limodzi, n'kukapala mpaka kanafanana ndi udzu. Popeza penti sakanaiona, ndinaganiza zotema timipata ndi mpeni, kamodzi pa fiti iliyonse, pofiira pakhale pozama. Ndinayeza katatu, ndinatema. Inatuluka yolondola, yosaphonya ndi tsitsi lomwe.

Ndinaiika kutsogolo kwa sitima n'kuiyang'ana. Sinali nsungwi ya sitima imeneyo. Ndikanaipereka choncho, ndikanangowapatsa shuga wina. Ndinabenthula kachidutswa kachiwiri, ndipo ulendo uno ndinatema mofupikitsa, monga ndinachitira padoko paja, mzere wozama utatsika ndi kota ya inchi. Ndinamanga ziwirizo pamodzi ndi ulusi, matako ake ofanana, n'kuzigoneka kutsogolo.

Lamulungu lomaliza ndinakulunga sitima m'bulangete n'kuimanga pa njinga. Sindinakwere, ndinakankha njira yonse. Ana a m'njira ankafunsa ngati ndi maliro a mwana.

Ndinawapeza pakhonde, katundu atamangidwa kale m'nyumba. Ndinaika sitima pa mpando patsogolo pawo n'kutenga manja awo.

"N'chiyani chimenechi, iwe? Wandipangira bokosi ndisanafe?"

"Gwirani, achimwene."

Zala zawo zinali zolimba ngati khungwa. Zinayamba kumbuyo. Zitakhudza gudumu zinaima, kenaka chala chimodzi chinalizunguza. Linazungulira. Kenaka zala zinayenda m'mbali, zinakwera makwerero, zinalowa m'kanyumba ka kaputeni.

"Chumuni wafupikitsa."

"Ndinayeza."

"Unayeza ndi chiyani? Inkakola nthambi za mkuyu pa gombe lija la ng'ona. Ndipo khola la nkhuku lili kuti? Kaputeni adya chiyani, thonje?"

Ndinali nditaiwaladi khola la nkhuku. Anaseka mpaka kutsokomola, nayitana mwana wawo kuti adzaone pamene bambo ake ankagona, paseri pa nkhuni, pofunda. Anamuuza za mvuu imene inatsata sitima tsiku lonse, za khukhi amene anagwera m'madzi ndi poto wa mpunga n'kutuluka potoyo ali nayebe m'manja. Mwanayo ankangoti kukamwa yasa. Anali asanamvepo kuti bambo ake anayendapo pamadzi. Mwanayo atapita kukatereka tiyi, zala zija zinafika kutsogolo.

"Sitima iti inayendapo ndi nsungwi ziwiri?"

Anamasula ulusi ndi mano, nagwira tinsungwi tiwirito pamodzi. Chikhadabo chinatsika pa yoyamba chikuwerenga timipata, chinakwera pa yachiwiri, chinabwereranso. Chinaima pamene mizere yozama inasemphana.

"Iyi ndi ija."

"Ndi ija. Ndinali ine, achimwene. Kathabwa kanu kanapsa m'ng'anjo chifukwa cha kusasamala kwanga, ndinasema kena ndi maso. Atafunsa ndinakhala chete. Ndipo malo anu ndinawatenga."

Mawu amene ndinawasenza zaka zonsezo anatha msanga chotero, ngati madzi a m'chikho chosweka.

"Ukuuza ndani?" anatero. "Ine? Ine ndinadziwa nditangoibaya koyamba m'mawa muja. Ndinati tikafika podula nkhuni ndiipentanso mwakachetechete. Sitinafike. Wofunika kumva anali kaputeni. Enanso anali amalume a mtsikana uja. Onsewo ali kumanda."

"Ndikudziwa."

"Sudziwa. Kukwapulidwa kunapola sabata imodzi. Ndinanena ndekha kuti ndine, palibe anandikakamiza, unali mwana wa mayi anga. Koma ndinadikira pa gombe masiku atatu kuti ubwera kudzandiona. Tsiku lachinayi sitima inadutsa itakonzedwa, ndinamva liwu lako kutsogolo ukufuula madzi." Anapukuta pakamwa. "Unkafuula bwino."

Ndinagwada pa dothi la pakhondepo, munthu wa imvi. Anamva kuti ndagwada.

"Dzuka, ungadetse buluku la ku Kabulonga. Zaka zonsezi mwezi uliwonse ndinkati lero abwera ndi mawu. Iwe n'kubwera ndi shuga. Ndinatsala pang'ono kudwala nthenda ya shuga podikira pakamwa pako."

Mwana anabwera ndi tiyi, ndipo tinamwa. Sanati ndakukhululukira. Sanatinso sindikukhululukira. Ndakhala ndikusanthula masana amenewo zaka zonsezi, ndipo sindiwonjezera mawu amene sananene.

Pamene ndinkatsanzika ndinati sitima ndi yawo, ndiipangira bokosi loti ikwere nawo lole. Anakana. Anati pa lole pali mbuzi ndi anthu oledzera, ikafika kumudzi ili nkhuni, ndiponso kumudzi ana akaimaliza tsiku limodzi. Anapapasa kutsogolo kwa sitima n'kugonekapo nsungwi yolondola. Yofupika ija anaiika m'kachitini kawo ka fodya n'kutseka.

"Imeneyo ndi yanga, achimwene. Ndipatseni."

"Ndinanena pamaso pa anthu kuti ndi yanga. Sindibweza mawu ndakalamba. Pita, ukapange khola la nkhuku."

Ndinakankhanso njinga kubwerera ku Kabwata. Telala anali panja akupinda nsalu. Anayang'ana bulangete, nayang'ana ine.

"Aikana?"

"Atengako gawo lawo."

Anagwedeza mutu ngati wamva, nalowa m'nyumba.

Lole inanyamuka Lachitatu ndili ku Woodlands ndikukhoma shelefu. Khola la nkhuku ndinalipanga Lamulungu lotsatira, ndi timitengo ta machesi. Chumuni sindinaisinthe, pakuti ndikhulupirirabe kuti ndinayeza bwino.

Nyengo yozizira itafika ndinalandira kalata yochokera kwa mwana wawo. Inali kalata yoyamba imene ndinawerenga ndekha popanda wondithandiza, ndipo ndinatha nayo ola lathunthu, chala chili pa mzere. Anati bambo anamwalira ndipo anawaika pafupi ndi mayi athu. Kumapeto anati m'kachitini ka fodya apezamo kamtengo kotematema. Achibale akuti mwina ndi mankhwala, akuopa kukataya, akuopanso kukasunga. Anafunsa ngati ndikudziwa mwini wake.

Ndinayankha tsiku lomwelo, ndi dzanja langa. Ndinalemba kuti si mankhwala, ndi muyeso wolakwika umene unachotsetsa bambo ake ntchito pa sitima, ndipo wolakwitsayo ndine. Ndinamupempha awerenge kalatayo pamaso pa abale onse, kenaka anditumizire kamtengoko. Ngati anawerenga sindidziwa. Sanandilemberenso, ndipo kamtengoko sikanafike.

Nyumba zozungulira za ku Kabwata zambiri anazigwetsa, ine ndasamuka kawiri. Sitima ndili nayobe pamwamba pa kabati. Guluu wa pawindo uja anauma, ndipo chaka chilichonse kanthu kamagwa, belu kapena khwerero, n'kumamatanso. Loweruka ndimaitsitsa n'kuipukuta ndi nthenga ya nkhuku. Ndikafika kutsogolo ndimachotsa nsungwi n'kuigoneka pa rula. Imakhala yolondola nthawi zonse. Ndimaibwezera pamalo pake.